Kumanda nkumene kwatsala mitengo

Mnzanga wina atandiuza kuti Loweruka tikapitidwe mphepo kumanda, ndinamuyang'ana kawiri. Ndinaganiza kuti mwina kuzizira kwa ku London kwamusokoneza mutu. Kwathu munthu sadzuka m'mawa, kusamba, kuvala bwinobwino nkumati ndikukayenda kumanda, pokhapokha kukhale maliro kapena kumanga chiliza. Ukatero anthu amayamba kunong'onezana, ndipo dzina lomwe angakupatse silichoka msanga.

Tinakwerabe basi nambala 73 mpaka ku Stoke Newington. Pachipata cha manda a Abney Park pali zipilala zikuluzikulu zamiyala zomangidwa motengera kamangidwe ka Aigupto akale. Ine ndinaima pomwepo, miyendo ikukana. Ndili chiimire, mayi wina anandidutsa akukankha kangolo ka mwana, ali pa foni, akuseka. Pambuyo pake bambo wa kabudula akuthamanga, thukuta lili kamukamu. Kenako agogo awiri, wina atanyamula buku, wina galu. Onsewa ankalowa kumanda ngati akulowa mumsika. Nditalowa ndinavula chipewa, nkuzindikira kuti m'manda monsemo wovula chipewa ndinali ndekha.

M'katimo ndi msitu weniweni. Phokoso la magalimoto limangozilala ukayenda mapazi makumi angapo. Ziliza zina zapendekeka, zina zagwa chafufumimba, zina zakulungidwa ndi zomera zoyanga moti dzina la wogonayo suliona. Pali manda ena pomwe anagonekapo mkango wosema wa mwala woyera, ndi a Frank Bostock amene ankayenda ndi zilombo zoonetsa anthu. Ndinapeza kamtsikana kakusisita phazi la mkangowo, mayi ake akukajambula. Mtima wanga unati phaa. Koma pobwerera kunyumba chomwe chinkazungulira m'mutu mwanga si kamtsikanako ayi. Ndinkangoona msewu wa Lilongwe kupita ku Dedza m'mwezi wa Okutobala, minda ili mbee, mapiri ali pululu, nkumangoona timagulu ta mitengo yobiriwira apo ndi apo. Aliyense wobadwira kumudzi amadziwa kuti pamene pali kagulu ka mitengo ikuluikulu pakati pa minda, pamenepo ndi pamanda.

Maganizo anga ndi akuti zimene Azungu amanyadira ku Abney Park, ife tili nazo kale m'mudzi uliwonse, ndipo tikuzitaya tisanazindikire kuti ndi chuma. Koma kuti ndifike pamenepo ndiyambe ndafotokoza momwe mandawa anakhalira, chifukwa mbiri yake si yosalala monga amaikambira okonda kutamanda zakunja.

M'zaka zoyambirira za m'ma 1800, anthu a mu London ankaikidwa m'timabwalo ta matchalitchi m'kati mwa mzinda. Chiwerengero cha anthu chinali pafupifupi miliyoni imodzi mu 1801, koma pofika 1851 chinali chitadutsa mamiliyoni awiri. Timabwaloto tinadzaza. Okumba manda ankagunda mabokosi akale, fungo linkalowa m'nyumba za anthu, ndipo kolera itafika kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1830 anthu anayamba kuloza chala kumanda komweko. Ndiye pakati pa 1833 ndi 1841 makampani anatsegula manda akuluakulu asanu ndi awiri kunja kwa mzinda wa nthawi imeneyo: Kensal Green, West Norwood, Highgate, Nunhead, Brompton, Tower Hamlets ndi Abney Park. Mawu oti makampani muwasunge, tiwapezanso kutsogoloku.

Abney Park anatsegulidwa mu 1840 pa malo a mahekitala pafupifupi 12 ndi theka. Amene anali patsogolo pa ntchitoyi, George Collison, anatengera nzeru ku manda a Mount Auburn pafupi ndi Boston ku America, omwe anatsegulidwa mu 1831 mothandizidwa ndi bungwe la anthu olima maluwa ndi mitengo. Kumeneko anaonetsa kuti manda angathe kukhala munda wokongola woti amoyo azipumulamo. Nzeruyi inagwira kwambiri ku America, moti manda a Green-Wood ku Brooklyn, a mu 1838, ankalandira alendo okwana theka la miliyoni pa chaka m'zaka za m'ma 1860, anthu ongobwera kudzayenda. Mapaki akuluakulu a m'mizinda ya ku America anabwera pambuyo. Anthu anayamba aphunzira kuyenda pansi pa mitengo kumanda, kenako nkumafunsa kuti bwanji tisakhale ndi malo ngati awa opanda mitembo.

Chomwe chinasiyanitsa Abney Park ndi anzake onse ndi ntchito ya George Loddiges, wa banja lomwe linali ndi nazale yotchuka ku Hackney. Iye anadzala mitundu pafupifupi 2,500 ya mitengo ndi zitsamba, nkuindandalika kuzungulira malire a manda motsata alifabeti. Unkayamba ndi mtengo wa dzina loyamba ndi A, wotchedwa Acer, nkuyenda mozungulira mpaka kukathera pa Z, pa Zanthoxylum. Mtengo uliwonse unali ndi chikwangwani cha dzina lake. Munda wotere wa mitengo yosonkhanitsidwa ndi kulembedwa mayina kuti anthu aziphunzirirapo ndi umene Azungu amautcha arboretum. Tangoganizani, mwana wa munthu wosauka, amene sakanaloledwa kuponda m'munda wa bwana aliyense, ankatha kulowa kumanda nkuwerenga mitengo ya ku America, ku China ndi ku Japan ngati akuwerenga buku.

Nthaka ya mandawa sinapatulidwe ndi bishopu wa mpingo wa Anglican, choncho ankaikamo aliyense posayang'ana mpingo, makamaka Akhristu a mipingo yosagwirizana ndi mpingo wa boma. William Booth, amene anayambitsa Salvation Army, anaikidwa momwemo mu 1912, pafupi ndi mkazi wake Catherine. Mulinso manda a Joanna Vassa, amene anamwalira mu 1857, mwana wa Olaudah Equiano, Mwafirika uja anagulitsidwa ukapolo, nadziwombola, nkumenya nkhondo yothetsa malonda a akapolo. Pamanda amenewo ndinakhalitsapo ndithu. Onse ogona mu Abney Park ndi pafupifupi 200,000.

Tsono apa ndi pamene nkhani imapindika. Mitengo ya Loddiges yomwe yatsala lero ndi yowerengeka. Kampani imadya pogulitsa manda, ndipo mtengo sulipira lendi. Malo atayamba kuchepa, mitengo inayamba kugwa kuti papezeke pokumba, manda nkumalowa mpaka m'tinjira. Malo atatheratu, ndalama nazo zinaphwa, kampani inagwa m'zaka za m'ma 1970, zipata zinangosiyidwa. Khonsolo ya Hackney, dera la London momwe muli mandawa, inagula malo onsewo mu 1978 pa mtengo wa paundi imodzi. Inde, paundi imodzi. Msitu womwe ndinayendamo uja mbali yaikulu ndi mitengo yodzimerera yokha pa zaka zomwe panalibe wosamala. Mu 1993 malowa anakhazikitsidwa kukhala osungirako zachilengedwe, oyamba a mtundu wotere mu Hackney. Lero amanyadira bowa wamitundumitundu, tizilombo ta m'mitengo yowola, agogomole, ngakhale akadzidzi. Ndinaseka ndekha nditamva zimenezi. Kadzidzi wa kumanda, yemwe kwathu akangolira padenga anthu sagona, kuno ndi wonyaditsa.

Ndiye chinapulumutsa malowa nchiyani? Si kampani, poti ndiyo inadula mitengo. Si zikwangwani za Loddiges, zinatha kalekale. Anapulumutsa malowa ndi akufa. Mahekitala 12 m'dera ngati Hackney, kumene kachipinda kamodzi kamadya theka la malipiro a munthu, akanakhala opanda manda bwenzi lero pali nyumba zosanjikizana. Palibe anayerekeza kufukula anthu 200,000. Mitengo inabisala kumbuyo kwa mitembo.

Ndi zomwezo zimene zachitika kwathu, kungoti ife tinazichita mwadongosolo kuposa iwo. Kumanda a kumudzi sulowa popanda chilolezo cha mfumu. Sutola nkhuni, ngakhale nthambi itagwa yokha nkuuma. Adzukulu akamakumba amalambula pokhapo pofunika. M'madera a Achewa ambiri msitu wa kumanda ndi komwenso kuli dambwe, kumene kumachokera zilombo za Gule Wamkulu, ndipo wosameta sayandikirako. Malamulo amenewa sanalembedwe papepala lililonse, palibe mlonda wolipidwa, palibe mpanda wa waya, koma agwira ntchito kuposa malamulo ambiri a nkhalango za boma. Pitani mukaone nkhalango zina zotetezedwa ndi boma momwe makala azimetera, kenako mukaone manda a m'mudzi woyandikana nazo. Muwanga, mlombwa, mbawa, msuku, muula, mkuyu, kachere, mitengo yomwe mwana wa lero amangoimva m'nthano, ili chiimire kumanda. Bungwe la UNESCO litalemekeza Gule Wamkulu mu 2005 anthu ankakamba za magule ndi zigoba, koma mwambo womwewo wasunganso timisitu tosawerengeka m'chigawo chapakati, kum'mawa kwa Zambia ndi ku Tete.

Vuto ndi lakuti chitetezo chathuchi chaimira mwendo umodzi. Mwendo wake ndi mantha osakanikirana ndi ulemu. Malinga anthu akuopa mizimu ndi kumvera mfumu, nkhwangwa siifika. Koma mantha amatha. Mnyamata amene ana ake agona ndi njala, amene akudziwa mtengo wa thumba la makala m'tauni, akayang'ana muwanga wa kumanda saonanso agogo ake, amaona matumba. Mipingo ina yaphunzitsa anthu kuti zonse za kumanda nzachikunja, ndipo pamodzi ndi mwambo yatayanso ulemu wa mitengo. Minda nayo ikudya malire a manda mzere umodzi chaka chilichonse, mwakachetechete, khasu likungosuntha pang'ono.

Kutauni ndiye kulibe nkomwe mwendo woimira. Manda a m'mizinda yathu tawasandutsa mabwalo a simenti. Aliyense akufuna chiliza choposa cha mnzake, matailosi onyezimira, mpanda wa zitsulo, pena ndi kadenga komwe. Amene anaperekezapo maliro m'tauni mwezi wa Novembala akudziwa zomwe ndikunena: amayi atafunda zitenje kumutu, okalamba akusowa pokhala, abusa akufulumizitsa mwambo chifukwa dzuwa likuwotcha ngati ng'anjo, anthu mazana akulimbirana mthunzi wa kamtengo kamodzi kapena wa lole yomwe yabweretsa anamalira. Agogo athu akumudzi amagona pamthunzi, ife ophunzira timagona padzuwa. Chitukuko chake ndi chimenechi?

Ndikudziwa zomwe ena anganene, ndipo sindikuzipeputsa. Anganene kuti kumanda si kosewerera, kuti mwafuna tiziona agalu ndi anthu a makabudula pamanda a makolo athu. Pamenepa ndili nawo limodzi. Tsiku lomwe lija ndinaona galu akukwera pachiliza cha munthu, mwini wake osalabadira, ndipo zinandinyansa. Ndinaonanso anyamata atakhala pamwala wa manda akumwa zawo. Zimenezo zikhale zawo. Manda a kumudzi asasanduke paki, ndipo dambwe si malo oti khonsolo kapena bungwe lililonse likaikeko mabenchi. Kutsegula manda a kumudzi kwa aliyense kungakhale kuthyola mwendo umodzi womwe watsala uja. Mwambo umene ukugwira ntchito suyenera kukonzedwa ndi anthu a mapepala.

Koma pali kanthu kamodzi ka Loddiges komwe ndingakonde titabwereka, ndiko kulemba mayina. Sindikunena zokhoma zikwangwani pamitengo ya kudambwe. Ndikunena kuti m'mudzi uliwonse muli akuluakulu awiri kapena atatu amene amadziwa mtengo uliwonse wa kumanda, dzina lake, nthawi yomwe umabala, mankhwala ake, mbalame yomwe imaukonda. Akuluakulu amenewa akupita mmodzimmodzi, ndipo akukagona pansi pa mitengo yomweyo osasiya wodziwa. Mwana wa sukulu lero ukamufunsa mitengo amatchula bulugama, paini, mango, kenako zii. Chingalephereke nchiyani kuti mfumu, adzukulu ndi mlangizi wa zankhalango akhale pansi, alembe m'kope mitengo yomwe ili kumanda kwawo, kopelo lizisungidwa kwa mfumu? Nanga mbewu? Mitengo ya kumanda ndiyo yakale kwambiri, yozolowera nthaka ndi mvula ya dera lomwelo. Mfumu italola kuti ololedwa kulowako azitola njere pa nthawi yake, nazale ya m'mudzi ingadzaze ndi mitengo ya komweko m'malo modikira mbande za mitengo yachilendo zobwera pa galimoto. Pamenepo msitu wa kumanda ukhala ndi mwendo wachiwiri: anthu aziusunga chifukwa akuuopa, komanso chifukwa akudziwa kuti mbewu zawo zili mmenemo.

Za kutauni ndiye ndilankhula mosapsatira. Khonsolo ikamapatula malo a manda atsopano, mitengo iyambe kudzalidwa mtembo woyamba usanafike. Pakhale tinjira tokhazikika, m'mbali mwake mitengo yachilengedwe, ndipo pakhale lamulo lakuti pamenepo sipadzakumbidwa ngakhale malo atachepa bwanji. Phunziro la Abney Park lagona pomwepa: ukangosiya kuti ndalama ya manda ilimbane ndi mtengo, mtengo umagonja. Abale athu okhala ku Joni akudziwa kuti ku Johannesburg bungwe limodzi lomwelo la mzinda ndi limene limayang'anira mapaki ndi manda, monga a Braamfontein ndi West Park, ndipo amene anafikako anaona mitengo ikuluikulu yomwe ili kumeneko. Kuika manda m'manja mwa anthu odziwa mitengo, m'malo mowaona ngati nkhani ya zaumoyo ndi malisiti okha, si nzeru yofuna ndalama zambiri.

Ena adzati mizu imang'amba ziliza. Nzoona, ndinaziona ndi maso anga, mwala waukulu utatukulidwa ndi muzu ngati chivundikiro cha mphika. Koma zimenezo zimachitika mtengo ukamera pawokha pamalo olakwika. Ukasankha mtundu woyenera nkuudzala m'mbali mwa njira, osati pamutu pa bokosi, vutolo limachepa. Ndipo tinene zoona, ziliza zingati za zaka makumi atatu zomwe zikadali zosang'ambika m'manda athu opanda mtengo ndi umodzi womwe? Simenti yosakaniza ndi mchenga wambiri imadzigumukira yokha.

Enanso adzati msitu m'tauni ndi phanga la akuba. Mantha amenewa ali ndi maziko. Nawo manda a Abney Park pa zaka zomwe anasiyidwa anali malo oopsa, tchalitchi chaching'ono cha pakati pake chinaonongedwa nkutsala chigoba, ndipo changokonzedwanso zaka zaposachedwapa. Koma chomwe chinathamangitsa oononga si kudula mitengo. Ndi kubwerera kwa anthu: odzipereka kulambula tinjira, ana a sukulu obwera ndi aphunzitsi awo, okalamba odzakhala pabenchi. Manda athu a m'tauni ndi oyera mbee, koma mitanda yachitsulo ndi nkhata zimabedwabe, chifukwa maliro akangotha aliyense amathawa ndipo kumatsala kopanda diso. Wakuba saopa dzuwa, amaopa mboni.

Apa ndi pomwe ndikupempha chinthu chovuta, chomwe ine ndemwe chinandivuta pachipata paja. Tiyenera kuvomereza kuti munthu angathe kupita kumanda a m'tauni popanda maliro, masana dzuwa likuswa mtengo, nkukhala pansi pafupi ndi manda a mayi ake, osatchedwa mfiti. Mayi wamasiye amene akufuna kukathirira kamtengo pamanda a mwamuna wake asamachite kuyang'ana uku ndi uku ngati wakuba. Sindikupempha mpira kapena zoimbaimba. Ndikupempha benchi, mthunzi, mpopi wa madzi, ndi mlonda pachipata amene amatseka dzuwa likalowa. M'mizinda yathu, momwe malo opumulirako aulere ndi osowa ndipo omwe analipo ambiri anamangidwapo, manda ndi malo okhawo aakulu omwe palibe adzawagawe mapuloti.

Palinso chifukwa china chomwe ndimaona kuti nchamphamvu kuposa zonse. Chaka chilichonse kuyambira pa 15 Disembala mpaka pa 15 Epulo dziko lathu limakhala mu nyengo yodzala mitengo. Akuluakulu amabwera ndi makasu atsopano, kujambulitsa, kuthira kamadzi, nkukwera magalimoto. Pofika Seputembala mbuzi ndi moto zamaliza ntchito. Mbande zimafa chifukwa zilibe mwini. Koma mtengo wodzalidwa m'dzina la malemu uli ndi mwini wake, uli ndi mbumba yonse. Banja lomwe limatha kusonkherana ndalama zankhaninkhani za chiliza, kuphika nsima ya mudzi wonse pa tsiku lochivundukula, silingalephere kusamala mbande imodzi ya mbawa kwa zaka zitatu mpaka itapitirira msinkhu wa mbuzi. Ndipo mbawayo idzakhalapo matailosi onse atasweka. Ndikanakhala wa khonsolo, ndikanaika mbandeyo pa lisiti lomwelo la manda, banja lizisankha mtundu, dzina la mtengo ndi la malemu zizilembedwa pa kachikwangwani kamodzi m'mbali mwa njira. Patapita zaka makumi awiri mwana wa ku Kawale kapena ku Ndirande angadzaphunzire kusiyanitsa mlombwa ndi muwanga popanda kukwera basi.

Nditabwerako ku Stoke Newington usiku womwewo ndinaimbira foni amalume kumudzi. Titatha malonje ndinawafunsa kuti mtengo waukulu uja uli kumutu kwa manda a agogo aakazi, womwe tinakhala pansi pake tsiku la maliro, ndi mtengo wanji. Anayamba adabwa kuti ndikufunsiranji za kumanda usiku, ngati kuli kwabwino. Nditawatsimikizira kuti kulibe chovuta, anakhala chete kanthawi, kenako anati akuganiza kuti ndi muula, koma mwina ndi mtondo, sakukumbuka bwino. Anati amene ankaidziwa bwino mitengo ya kumeneko ndi mkulu wa adzukulu uja, koma anamuika chaka chatha. Anandilonjeza kuti akafunsa kwa mfumu ngati patsala wina wodziwa.